Mikango Iwiri ya Mwezi wa Febuluwale: Ana Athu ndi Chaka Chatsopano cha Matchaina

CHIPATA — Mwezi wa Febuluwale uli ndi mikango iwiri m'dziko la Zambia. Woyamba umaonekera pa Mtenguleni, kufupi ndi mzinda wa Chipata, Loweruka lomaliza la mweziwu, pamene Nkhosi yamakhosi Mpezeni imatulukira pa mwambo wa Nc'wala itavala chikopa cha mkango. Wachiwiri umaonekera mu Lusaka m'masiku a chikondwerero cha chaka chatsopano cha Matchaina. Mkango umenewu ndi wa nsalu, nsungwi ndi mapepala a mitundu yowala, ndipo miyendo imene imadumpha pansi pake masiku ano si ya Matchaina okha. Ina ndi ya ana a dziko lino.

Makolo ambiri amene aona zithunzi za ana amenewa pa wailesi yakanema kapena pa foni ali ndi maganizo osiyana. Ena akuti ndi mwayi, popeza mwana wodziwa Chitchaina sadzasowa ntchito. Ena akuti ana akutayitsidwa mwambo wa makolo awo ndipo akugwadira mizimu yachilendo. Anthu a kuno ku Chipata ali ndi chifukwa chapadera choganizira nkhaniyi mofatsa, chifukwa mu 2022 mzinda uno unatchuka pa dziko lonse pa mlandu wokhudza ana, Chitchaina ndi kamera.

Chikondwererochi n'chotani?

Matchaina amawerengera chaka chawo chamakolo potsata mwezi, choncho tsiku loyamba la chaka limasinthasintha pakati pa 21 Januwale ndi 20 Febuluwale: mu 2024 pa 10 Febuluwale, mu 2025 pa 29 Januwale, mu 2026 pa 17 Febuluwale. Chaka chilichonse chimatchedwa ndi dzina la imodzi mwa nyama 12, monga njoka mu 2025 ndi hatchi mu 2026. Chikondwererochi chimatenga masiku 15 ndipo chimatsekedwa ndi usiku woyatsa nyali.

Phata la mwambowu ndi banja. Anthu amasesa nyumba yonse, amayesetsa kubweza ngongole, amayenda mitunda yaitali kuti akadye chakudya chamadzulo pamodzi ndi makolo awo, ndipo amakumbukira amene anatsogola. Ana amapereka moni waulemu kwa akuluakulu, akuluwo n'kuwapatsa ndalama mu timaenvulopu tofiira. Nthano yawo imati kalekale kunali chilombo chotchedwa Nian chimene chinkavutitsa midzi kumapeto kwa chaka, koma chinkaopa phokoso, moto ndi chinthu chofiira. N'chifukwa chake pamakhala makombola, ng'oma ndi nsalu zofiira paliponse.

Gule wa mkango amavinidwa ndi anthu awiri mu chovala chimodzi, wina kumutu, wina kumchira. Wakumutu amaphethiritsa maso a mkango, kugwedeza makutu ndi kutsegula kukamwa pokoka zingwe, pamene wakumbuyo amawerama nthawi yonse ndipo amanyamula mnzake akamadumpha. Amatsata ng'oma yaikulu ndi zitsulo zoombanitsa. Pakhomo pa sitolo amapachika ndiwo zamasamba pamodzi ndi envulopu ya ndalama. Mkango umathyola masambawo n'kuwamwaza, kusonyeza kuti malonda ayenda bwino m'chaka chimene chayamba. Kuti munthu avine bwino ayenera kukhala ndi miyendo yolimba, ndipo n'chifukwa chake gule ameneyu wakhala akuphunzitsidwa m'masukulu a kung fu.

Chodabwitsa n'chakuti ku China kulibe mikango yakutchire. Mafumu akale a dzikolo ankailandira ngati mphatso kuchokera kumaiko a kumadzulo kwawo, zaka pafupifupi 2,000 zapitazo. Mwana wa ku Mfuwe amene amamva mkango ukubangula usiku m'chigwa cha Luangwa amaidziwa nyamayi kuposa amisiri amene anayamba kupanga chifaniziro chake.

Mwambowu sulinso wa dziko limodzi. Mu Disembala 2023 bungwe la United Nations linauika pa mndandanda wa masiku a tchuthi amene antchito ake angasankhe, ndipo mu Disembala 2024 bungwe la UNESCO linaulemba pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha anthu onse. Pa mndandanda womwewo pali Gule Wamkulu wa Achewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique, amene UNESCO inamuvomereza mu 2005.

Njira imene mkangowu wadzera

Ubale wa Zambia ndi China unayamba mu Okutobala 1964, patangopita masiku ochepa dziko lino litalandira ufulu. Chizindikiro chake chachikulu ndi njanji ya TAZARA, ya makilomita 1,860, yochokera ku Dar es Salaam kufika ku Kapiri Mposhi, imene inamangidwa pakati pa 1970 ndi 1975. Nthawi imeneyo Matchaina ankabwera, kugwira ntchito, n'kubwerera kwawo. Kuyambira m'zaka za m'ma 2000 ambiri anabwera kudzakhala, m'migodi, m'zomangamanga, m'masitolo ndi m'minda. Ku Chipata kampani ya thonje ya Matchaina inayamba ntchito mu 2003, ndipo inadzatchuka ndi dzina la China-Africa Cotton. Alimi ambiri a m'chigawo cha Kum'mawa analandirako mbewu ndi mankhwala pa ngongole n'kugulitsako thonje lawo.

Pambuyo pa malonda panabwera chinenero. Mu 2010 pa University of Zambia panatsegulidwa Confucius Institute, malo ophunzitsira Chitchaina ndi chikhalidwe cha Matchaina. Mu 2019 boma linagwirizana ndi bungweli zoyamba kuphunzitsa Chitchaina m'masukulu a sekondale. Mu Lusaka momwemo muli nyumba ya chikhalidwe ya Shaolin, nthambi ya kachisi wa Chibuda wa ku China amene amatchuka ndi kung fu. Kumeneko kumakhala ana, ambiri a iwo ochokera m'mabanja osauka, amene amaphunzira kung fu, Chitchaina ndi magule, ndipo amaonetsa luso lawo pa zikondwerero za Matchaina. Mu 2023 mu Lusaka munachitikira mpikisano wa kung fu ya Shaolin wa maiko a mu Africa.

Ku Malawi zoterezi zinayamba kale. Pafupi ndi mzinda wa Blantyre pali Amitofo Care Centre, malo osungira ana amasiye amene anakhazikitsidwa m'zaka zoyambirira za m'ma 2000 ndi m'busa wa Chibuda wochokera ku Taiwan, Hui Li. Ana kumeneko amalandira chakudya, pogona ndi sukulu, amaphunzira Chitchaina, mapemphero a Chibuda ndi kung fu, ndipo ena amapita kumaiko akunja kukaonetsa masewera pofuna kupezera malowo thandizo.

Zabwino zake sitingazikane. Mwana amene akanagona ndi njala akudya katatu. Mwana amene akanasiya sukulu akulemba mayeso. Gule wa mkango amaphunzitsa kupirira, kumvera ng'oma ndi kudalira mnzako, popeza wakumutu sangadumphe ngati wakumchira sanakonzeke. Ndipo amene wadziwa chinenero amamva zimene bwana akunena pa ntchito, amawerenga pangano asanasaine, ndipo sanamizidwa mosavuta. Akale anati mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa.

Phunziro la mu 2022

Koma si mlendo aliyense amene amabwera ndi kalumo kometera. Mu Juni 2022 wailesi ya BBC, kudzera mu pologalamu yake ya Africa Eye, inaulutsa kafukufuku wa atolankhani awiri, Runako Celina ndi Henry Mhango. Iwo anatsata kanema wina amene anafala pa intaneti ku China mu 2020, mmene ana aang'ono a mu Africa ankabwereza mokondwa mawu a Chitchaina onyoza khungu lawo ndi nzeru zawo. Kafukufukuyo anawafikitsa m'dera la Njewa, kufupi ndi Lilongwe, kwa mwamuna wa ku China dzina lake Lu Ke.

Ntchito yake inali yojambula ana a m'mudzi akuimba, akuvina ndi kufuula mawu a mafuno abwino m'Chitchaina, monga a tsiku lobadwa kapena a ukwati, n'kugulitsa makanemawo kwa anthu a kwawo. Anawo sankamva tanthauzo la mawu amene ankanena. Ena ankajomba kusukulu chifukwa cha kujambulidwa, ndipo malipiro awo anali tindalama tochepa. Mwiniwake atafunsidwa anakana kuti ndiye anajambula kanema wonyozayo, ndipo anati cholinga chake chinali kufalitsa chikhalidwe cha Matchaina.

Nkhani itaphulika, Lu Ke anathawa n'kuwolokera ku Zambia. Anagwidwa kuno ku Chipata m'mwezi womwewo wa Juni, ndipo mu Julayi anabwezedwa ku Malawi. Mu Julayi 2023 khoti la ku Lilongwe linam'peza wolakwa, linam'gamula kukhala m'ndende miyezi 12, imene anali atakhala kale akudikira mlandu, ndipo linalamula kuti achoke m'dzikolo osadzabweranso. Ofesi ya kazembe wa China ku Malawi inadzudzula mchitidwe wa tsankho umenewu.

N'kulakwa kuika aphunzitsi a Chitchaina kapena a kung fu m'gulu limodzi ndi munthu ameneyu. Komabe mlanduwu ukutisiyira muyeso. Mukayang'ana chithunzi chokha, ana a ku Njewa ndi ana a pa chikondwerero cha mu Lusaka angaoneke ofanana: onse akumwetulira, onse akuvina, onse akutchula mawu a Chitchaina. Kusiyana kwawo kuli m'zinthu zimene kamera siionetsa. Kodi mwanayo akumva zimene akunena? Kodi makolo ake anauzidwa zoona asanavomere? Kodi ndani akupindula ndi thukuta lake? Nanga ali ndi ufulu wokana?

Kuchokera ku Njewa kufika ku Chipata ndi ulendo wa maola ochepa podzera pa chipata cha Mwami. Chinenero n'chimodzi, mafumu ndi apachibale, umphawi wa m'midzi ndi wofanana. Zimene zinachitika tsidya lija zikanatheka kuchitika kwa Mpezeni, kwa Kapatamoyo kapena ku Vubwi. Makolo a ku Njewa sanali anthu osakonda ana awo. Ankaganiza kuti ana akuphunzira chinenero chimene chidzawathandize, ndipo panalibe wowamasulira.

Za mantha otaya mwambo

Nkhawa yachiwiri ndi yakuti mwana wovina gule wachilendo adzaiwala wakwawo. Mbiri ya chigawo cha Kum'mawa ikutiphunzitsa kuti nkhaniyi ili ndi mbali ziwiri.

Angoni anawoloka Zambezi mu 1835 motsogozedwa ndi Zwangendaba. Atakhazikika kuno anakwatira akazi a Chinsenga ndi Chichewa, ndipo ana anatenga chinenero cha amayi awo. Lero Chingoni chenicheni chatsalira makamaka m'nyimbo za ingoma ndi m'mawu otamanda mafumu. Mu 1898 asilikali a Angerezi anagonjetsa Angoni, anapha Nsingo mwana wa Mpezeni, ndipo Nc'wala inaleka kuchitika. Inadzayambanso mu 1980, patapita zaka zoposa 80. Inatheka kuuka chifukwa nkhalamba zinali zitasunga nyimbo ndi mavinidwe n'kuzipatsira kwa adzukulu. Chinenero chinazilala chifukwa chinasiya kulankhulidwa pa khomo, pamene ingoma inapulumuka chifukwa sinasiye kuvinidwa.

Gule Wamkulu nayenso ali ndi yankho lake. Za kudambwe sitizikamba pa wailesi, koma aliyense amene anafikapo pa bwalo, kapena pa mwambo wa Kulamba ku Mkaika m'boma la Katete, anaonapo Simoni wa nkhope yofiira ngati mzungu wopsa ndi dzuwa, Maliya, ngakhale chilombo chooneka ngati galimoto. Achewa sanatseke maso pamene alendo anafika. Anawayang'anitsitsa, n'kuwalowetsa m'gule wawo, nthawi zina mowaseka, nthawi zina mochenjeza anthu. Mwambo wolimba umameza zachilendo, sumezedwa. Mzinda wa Chipata womwe wakhala ndi Amwenye ndi mizikiti yawo kwa mibadwo ingapo, koma ng'oma za Nc'wala ndi Kulamba zikulirabe.

Vuto limabuka pamene mwana wazulidwa kotheratu. Kanema wotchedwa Buddha in Africa, amene anapangidwa ndi Nicole Schafer wa ku South Africa n'kutuluka mu 2019, amatsata mnyamata wina wa ku Amitofo, wochokera m'banja la Chiyao la Chisilamu. Iye ndi katswiri wa kung fu ndipo amalankhula Chitchaina bwino, koma akapita kumudzi amakhala ngati mlendo pakati pa abale ake, ndipo atakula ayenera kusankha pakati pa kupita ku Taiwan ndi kubwerera kwawo. Mwana amene amaphunzira gule wa mkango Loweruka, madzulo n'kukadya nsima ndi agogo ake, sakumana ndi vuto limeneli. Amene amakumana nalo ndi mwana wamasiye, amene alibe wina wom'phunzitsa za kwawo, ndipo sangakane chilichonse chifukwa amene akum'phunzitsa ndi yemweyo akum'dyetsa. Akuluakulu a kwathu akudziwa bwino zimenezi, chifukwa masukulu ena a amishoni m'nthawi ya atsamunda anachita chimodzimodzi, kupatsa ana maina atsopano ndi kuwaletsa magule a makolo.

Palinso nkhani ya chipembedzo. Dziko la Zambia linalengezedwa kukhala la Chikhristu mu 1991, ndipo m'chigawo chino mulinso Asilamu ambiri. Kwa Matchaina ochuluka lero gule wa mkango ndi masewera ndi chisangalalo, ndipo pamachitika mipikisano yake ngati ya mpira. Komabe chiyambi chake ndi kupirikitsa mizimu yoipa ndi kuitana mwayi, ndipo mkango watsopano usanavinidwe pamakhala mwambo wopaka utoto wofiira m'maso mwake kuti udzuke. Kholo liyenera kuuzidwa zimenezi poyera, lisankhe lokha. Ena adzavomera, ena adzakana, monga momwe mabanja amasiyanirana pa nkhani ya Gule Wamkulu. Chosayenera ndi kubisa.

Zoyenera kuchitika

Lamulo lilipo kale. Mu 2022 nyumba ya malamulo inakhazikitsa lamulo la ana lotchedwa Children's Code Act, limene limateteza mwana ku nkhanza, ku ntchito zom'pweteka ndi ku kudyeredwa masuku pamutu, ndipo limaika ubwino wa mwana patsogolo pa china chilichonse. M'chaka chomwecho boma linayamba maphunziro aulere. Chotsala ndi kugwiritsa ntchito zimenezi pa zinthu zooneka zazing'ono ngati gule ndi chithunzi.

Choyamba, mwana asanene kapena kuimba mawu amene sanamasuliridwe kwa iye ndi kwa makolo ake m'chinenero chawo. Dziko lino tsopano lili ndi achinyamata ake amene anaphunzira Chitchaina ku University of Zambia ndi ku China komwe. Amenewa ndiwo ayenera kuimirira pakati, osati womasulira wolipidwa ndi mwini kamera yekha.

Chachiwiri, munthu aliyense wofuna kujambula ana m'mudzi, kaya ndi Mtchaina, mzungu kapena mnzathu wa konkuno, ayambe wadzera kwa mfumu, kwa mphunzitsi wamkulu ndi kwa makolo, anene kumene zithunzizo zikupita. Mfumu ili ndi ufulu wofunsa ngati makanemawo adzagulitsidwa.

Chachitatu, maphunziro a gule asalande nthawi ya m'kalasi. Mafumu a m'chigawo chino akhala akulangiza kuti chinamwali ndi zakudambwe zisamachotse ana pa sukulu. Muyeso umene taikira miyambo yathu tiuikirenso miyambo ya alendo. Ndipo popeza akatswiri a guleyu amavina akudumpha pa mizati yaitali, ana asakwezedwe pamenepo popanda mphunzitsi wodziwa ndi zotchinjiriza pansi.

Chachinayi, malo aliwonse osungira ana amasiye, a chipembedzo chilichonse, aziyenderedwa ndi ofesi yoona za chisamaliro cha anthu. Mwana asunge dzina lake, chinenero chake ndi njira ya kumudzi kwa abale ake. Ngati apita kukavina kunja kukapezera malowo ndalama, padziwike kuti ndalamazo zapita kuti.

Chachisanu, kusinthana kukhale kwa mbali zonse ziwiri. Mu 2024 maiko a Zambia ndi China anakondwerera zaka 60 za ubale wawo, ndipo atsogoleri amalankhula kawirikawiri za kuphunzirana chikhalidwe. Ngati mawuwa ndi oona, ana a Matchaina amene akukulira mu Lusaka, mu Kitwe ndi mu Chipata aphunzirenso Chinyanja, afike pa Mtenguleni ndi pa Mkaika, ayese kuponda ingoma ndi kuvina chimtali. Pa bwalo limene ana a mbali imodzi okha ndiwo amavina, a mbali inayo atakhala pa mipando n'kumajambula, sipakhala kuphunzirana.

Boma la China limaika ndalama ndi aphunzitsi pofalitsa chinenero ndi miyambo yake, monga momwe Angerezi ndi Afalansa akhala akuchitira kwa zaka zambiri. Palibe chodabwitsa pamenepa, ndipo sitingalidzudzule chifukwa chokonda zake. Funso likubwerera kwa ife: kodi taika zingati pa zathu? Ndi masukulu angati m'chigawo cha Kum'mawa amene ali ndi ng'oma zabwino, mphunzitsi wa magule ndi mabuku okwanira a Chinyanja? Mutu wa mkango wa nsalu umabwera wonyezimira kuchokera kutali, pamene ng'oma ya pa sukulu yathu inang'ambika chikopa kalekale ndipo palibe woikonza. Mwana akathamangira chonyezimiracho, mlandu suli pa iye.

M'mera mpoyamba. Mtsikana kapena mnyamata wa ku Kapata amene amadziwa mfunda wake, amamva nthano za agogo ake, ndipo waponda fumbi la pa Mtenguleni, angalowe pansi pa nsalu ya mkango wa Matchaina, n'kuvina mpaka onse kuomba m'manja. Ng'oma ikatha adzavula chovalacho, adzathokoza aphunzitsi ake m'Chitchaina, n'kubwerera kunyumba kukafotokozera amayi ake m'Chinyanja tanthauzo la zonse zimene wavina. Ntchito ya makolo, mafumu, aphunzitsi ndi boma ndi kuonetsetsa kuti mwana aliyense wolowa pansi pa nsaluyo, makamaka wamasiye, ali ndi nyumba yobwererako yoteroyo.